Ndigule i7 ya ku Limbe kapena ndimange ndekha kompyuta ya magemu?

Funso lachokera kwa mnyamata wina wa pa Chitakale ku Mulanje, ndipo walemba chonchi: "Ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndigule desktop yoti ndizisewerapo FC ndi GTA V, mwina kutsogoloku ndizilipiritsa ana a m'dera lathu kusewera. Munthu wina ku Limbe akundigulitsa yomanga kale, akuti ndi Core i7 3770, RAM 16GB, graphics GT 730 ya 4GB, kesi yake ndi yagalasi yowala magetsi amitundumitundu. Anzanga akuti i7 ndiye yomaliza. Ndigule, kapena ndigule zipangizo ndimange ndekha? Ndalama zanga si zambiri."

Achimwene, imeneyo isiyeni. Sindikunena kuti wogulitsayo ndi wakuba ayi, mwina nayenso anaigula akukhulupirira kuti ndi chilombo, koma pa zimene inu mukufunazi makina amenewo akukhumudwitsani tsiku loyamba lomwelo, ndipo ndalama yosunga movutikira kuitaya chonchi zimandiwawa ine.

Tiyambe ndi i7 yomwe anzanu akuitamayo. Dzina la purosesa loti i7 palokha silikuuzani kanthu, muziyang'ana nambala yotsatirayo. 3770 ndi ya m'badwo wachitatu, Intel anaitulutsa mu 2012, ili ndi ma core 4. Pomwe Core i3 12100F ya mu 2022, imene anzanuwo angainyoze poti ndi i3, nayo ili ndi ma core 4 omwewo koma imaisiya kutali kwambiri pa liwiro, zaka 10 pa nkhani ya makompyuta si masewera. Ndiye i7 yakaleyo imakhala pa motherboard ya soketi ya LGA1155 ndi RAM ya DDR3, kutanthauza kuti mawa mukapeza kandalama kena palibe purosesa yatsopano yomwe mungaikepo, mwafika pothera. Komanso Windows 11 mwalamulo imayambira pa Intel ya m'badwo wa 8, ndipo Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Palinso magemu ena atsopano omwe amafuna purosesa yokhala ndi AVX2, 3770 ilibe, gemu imangokana kutseguka basi olo muchite bwanji.

Koma vuto lalikulu pa makinawo si i7 yi ayi, ndi GT 730. Khadi imeneyi, graphics card yomwe imapanga zithunzi za pa sikirini, ndi ya mu 2014 ndipo ngakhale nthawi imeneyo sinali ya magemu, inali yongothandiza kuti kompyuta ya mu ofesi ikhale ndi polumikiza monita. Ogulitsa amakonda kutchula 4GB ija poti amadziwa kuti anthufe tikamva nambala yaikulu timakomedwa, koma ma GT 730 ambiri a 4GB memory yake ndi DDR3 yochedwa ndipo chipu chake ndi chofooka moti 4GB imeneyo sichingaigwiritse n'komwe. EA, kampani yopanga gemu ya mpira ya FC, pa FC 24 analemba okha kuti pamunsi penipeni pakufunika GTX 1050 Ti, RAM 8GB ndi malo okwana 100GB, ndipo kuti muisewere bwino akuti GTX 1660 ndi RAM 12GB. GT 730 sikufika ngakhale pafupi ndi 1050 Ti. GTA V yakale ija ya mu 2015 mwina ingayende mutatsitsa chilichonse, koma ikumadukizadukiza. Kumanga i7 ndi khadi yotere kuli ngati kugula njinga yamoto n'kuiveka matayala a kabaza.

Ndiye mukamamanga nokha muyambire pa graphics card, chifukwa pa magemu ndi imene imasenza ntchito yambiri. Ine ndimauza anthu kuti pa ndalama zonse za bokosilo, kuyambira gawo limodzi mwa atatu kufika pafupifupi theka lipite pa khadi. Zina zonse zizikhala zongokwanira kuti khadiyo isamadikire mnzake, kupatula power supply yomwe ndiikamba payokha poti kuno kwathu imeneyo ndi nkhani yaikulu.

Khadi yomwe ndingakusankhireni mutandipatsa ndalama zanu m'manja ndi AMD RX 6600 ya 8GB. Inatuluka mu 2021, imadya mawati pafupifupi 132 okha, ndipo pa 1080p FC ndi GTA V zimayenda myaa ma setting ali pamwamba. Ikakhala kuti yakwera mtengo kapena simukuipeza, GTX 1660 Super ya 6GB ndi yabwinonso, mawati 125, sitentha kwambiri, ndipo ya sekondi imapezekapezeka. RTX 3060 ya 12GB ndi yamphamvu bwino koma nthawi zambiri mtengo wake umakutulutsani mu bajeti. Ndiye pali RX 580 ya 8GB imene mudzaione paliponse pa Facebook pa mtengo wokopa. Imasewera ndithu, sindingainamizire, koma ndi ya mu 2017, imameza mawati 185, ndipo zambiri mwa izo zinagwira ntchito yokumba ndalama za crypto usana ndi usiku kwa zaka mpaka Ethereum itasintha kachitidwe kake mu September 2022, ndi pamene zinakhuthukira pa msika zambirimbiri. Zina zikadali bwinobwino, zina mafani ndi memory zinatopa kalekale. Palinso ina yolembedwa RX 580 2048SP, imeneyo mphamvu zake ndi za RX 570, musalipire mtengo wa 580 yeniyeni. RX 6500 XT ithaweni, nthawi zambiri ili ndi 4GB yokha ndipo pa motherboard ya PCIe 3.0 imafooka kwambiri. GT 710 ndi GT 1030 ndi gulu lomwelo la GT 730.

Poti mwina mugula ya sekondi, apa ndichedwepo pang'ono. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba chifukwa mwaona chithunzi pa WhatsApp, kwerani minibasi mupite ku Limbe kapena ku Blantyre mukaione ikugwira ntchito, ndalama ya thiransipoti imeneyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi zomwe mungataye. Pa flash yanu muikepo timapulogalamu taulere titatu, GPU-Z, FurMark ndi HWMonitor. GPU-Z imakuuzani dzina lenileni la chipu, chifukwa kuli makhadi achinyengo, makamaka olembedwa GTX 1050 Ti, omwe mkati mwake ndi GTS 450 yakalekale anangoisintha dzina, ndipo pulogalamuyi ambiri mwa amenewo imawalemba poyera kuti ndi feki. Kenako yatsani FurMark muisiye mphindi 15 kapena 20 muli pomwepo mukucheza ndi wogulitsayo. Muziyang'ana kutentha, ikamadutsa madigiri 85 n'kumapitirira kukwera ndiye kuti ikufunika thermal paste yatsopano kapena yatopa, mumvetsere ngati fani ikukhulana kapena kulira modabwitsa, ndipo sikirini ikangoonetsa timadontho kapena mizere yachilendo, kapena kuthima kamodzi kokha, bwererani ndi ndalama zanu olo atsitse mtengo bwanji. Munthu amene akukana kuti muiyese ali ndi chifukwa chake chomwe sakukuuzani.

Purosesa ndi motherboard muzizisankha limodzi chifukwa soketi ikasiyana sizilowana. Njira zotsika mtengo zanzeru zilipo ziwiri. Ku AMD, Ryzen 5 5600 ya ma core 6, mawati 65, yatsopano imabwera ndi cooler yake mu bokosi ndiye simuwonongeranso ndalama pamenepo, imakhala pa soketi ya AM4 pa bodi ya B450 kapena B550. Chenjezo lake ndi loti B450 yakale imafuna BIOS yatsopano, kapulogalamu ka mkati mwa motherboard, kuti izindikire Ryzen 5000, gulu la 5600 ija, ndiye funsani wogulitsa ngati anachita kale update, apo ayi mudzafika nayo ku Chitakale mafani akuzungulira koma sikirini ili bii, mudzayesa kuti mwapsetsa chinachake chikhalirecho ndi BIOS chabe. Ku Intel ndi i3 12100F ija kapena i5 12400F pa bodi ya H610 kapena B660, musankhe ya DDR4 poti mabodi amenewa ena ndi a DDR5 ndipo RAM ziwirizi sizisinthana. Chilembo F chija chikutanthauza kuti purosesayo ilibe graphics yakeyake, popanda khadi simuona kanthu, ndipo Ryzen 5 5600 nayonso ndi chimodzimodzi.

Ine ndimapendekera ku AM4 kwa anthu a kuno chifukwa soketi imeneyi yakhala nthawi yaitali, kuchokera pa Ryzen zoyamba za mu 2017, ndiye zipangizo zake za sekondi ndi zambiri ndipo china chikafa simuvutika kupeza cholowa m'malo. Pogula ya sekondi muitembenuze muone timapini take, pa AM4 mapini ali pa purosesa, pa Intel ali mu soketi ya motherboard, kamodzi kakapindika ndi mavuto.

Pali njira ina yomwe ndimaikonda kwa munthu amene ndalama zake zimabwera pang'onopang'ono. Gulani Ryzen 5 5600G, G yo ndiye kuti ili ndi graphics mkati mwake. Mumanga kompyuta yonse popanda khadi, mukuyamba kusewera eFootball, GTA V yakale pa ma setting otsika ndi magemu ena opepuka, mukugwiritsanso ntchito pa sukulu kapena kutayipira anthu makalata, kenako miyezi ingapo mwasonkhanitsa ndalama mukugula RX 6600 n'kungoilowetsa. FC yatsopano pa 5600G yokha musayembekezere zambiri. Ndipo dziwani kuti 5600G ili ndi cache ya 16MB pomwe 5600 ili ndi 32MB, ndiye mukadzaika khadi idzatsalira pang'ono, koma kusiyana kwake si koti mungalire nako.

RAM ikhale 16GB ya DDR4 3200, koma timitengo tiwiri ta 8GB osati kamodzi ka 16GB. Tiwiri timagwira ntchito mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo pa 5600G kusiyana kwake ndi kwakukulu zedi poti graphics yake imabwereka RAM yomweyo. Bodi ikakhala ya mipata inayi, nthawi zambiri mumaika pa wachiwiri ndi wachinayi kuwerenga kuchokera ku purosesa, kabuku ka bodiyo kamanena. Mukayatsa koyamba lowani mu BIOS mutsegule XMP, pa mabodi a ASUS a AMD amalemba DOCP, apo ayi RAM yanu ya 3200 izingoyenda pa 2133 kapena 2400, ndaona makompyuta ambiri eni ake akuseweretsa chonchi osadziwa. Mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse kumapeto kwa 2025, ndiye ya sekondi musaiope, RAM sifa wambawamba, mungoiyesa ndi MemTest86.

Posungira zinthu gulani SSD ya NVMe, 500GB ngati zavuta, 1TB ngati mungathe, chifukwa FC ndi GTA V ziwiri zokhazi zikudyerani pafupifupi 200GB. Ya sekondi muione ndi CrystalDiskInfo. Hard disk yozungulira ija ikhale yosungira mafilimu, osati Windows.

Tsopano power supply. Apa ndiye anyamata ambiri amalakwitsa, amathera ndalama pa khadi ndi kesi yowala kenako n'kutola power supply iliyonse yopanda dzina yolembedwa 650W kapena 800W ndi zilembo zikuluzikulu, yopepuka ngati mulibe kanthu mkati. Zotere mphamvu zenizeni sizifika pa nambala yolembedwayo, zilibe zotetezera zokwanira, ndipo tsiku lomwe idzafe sifa yokha, imatenga motherboard kapena khadi ija munaivutikira. Gulani ya 550W ya kampani yodziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, imeneyo RX 6600 ndi Ryzen 5 5600 imazinyamula mpata n'kutsala. Werengani kapepala ka m'mbali mwake, pa mzere wa 12V pakhale mawati oyandikira nambala yaikulu ija, mukaona yolembedwa 600W koma pa 12V pali 300 ndi pang'ono, isiyeni. Ikhale ndi waya wakewake wa mapini 8 wopita ku khadi, timaadaputa tosintha Molex kapena SATA kukhala mapini 8 timatentha mpaka kusungunuka. Pa zipangizo zonse iyi yokha ndiye ndimati yesetsani mugule yatsopano, ya risiti ndi waranti.

Chifukwa chake mukuchidziwa nokha, magetsi athu amazima n'kubwera mwadzidzidzi, nthawi zina amabwera ofooka babu ikungoti psuu, ndipo kuno m'munsi mwa phiri mvula ya December mpaka March imabwera ndi mphenzi zoopsa. Ndiye mu bajeti yanu muikemo surge protector yeniyeni, osati ekisitenshoni wamba ya pa msika. Ka fridge guard kaja kamene kamadikira kaye mphindi zingapo magetsi akabwera kamathandizanso kwambiri. Mukakwanitsa UPS, kabokosi ka batire kopitiriza kupereka magetsi akazima, ndi bwino koposa, koma samalani ndi nambala yake, VA si mawati, UPS yotsika mtengo ya 650VA imapereka mawati pafupifupi 360 kapena 390, ndiye pa kompyuta ya magemu ndi monita yang'anani ya 1000VA kupita m'mwamba. Ntchito yake si yoti muzipitiriza mpira magetsi atazima, ndi yoti mupeze mphindi zochepa zotsekera kompyuta bwinobwino. Ngati kwanu mumadalira sola, inverter ikhale ya pure sine wave, zotchipa zija ma power supply ena amakana kapena kumalira nazo. Ndipo mukamva mabingu akuyandikira zulani pulagi ku khoma, zulaninso waya wa router, palibe surge protector imene ingalimbane ndi mphenzi yogwa pafupi. Chinanso, nyumba zambiri za lendi waya wa earth kulibe kapena anangoulumikiza mwa dzina, mukagwira kesi n'kumva kunyerenyetsa itanani wa zamagetsi akonze musanapitirize, chifukwa popanda earth surge protector ija sitetezanso mokwanira.

Pa bizinesi mukuganizayo muwerengerenso mayuniti. Kompyuta yotere pamodzi ndi sikirini ikamasewera imadya mawati pafupifupi 250, ndiye maola anayi ndi yuniti imodzi. Apa ndi pamene RX 6600 imaposera RX 580, mawati 50 aja tsiku ndi tsiku pakutha pa chaka ndi ndalama.

Kesi musaonongerepo ndalama. Ikhale ndi kutsogolo kwa timabowo kolowetsa mpweya, fani imodzi kapena ziwiri kutsogolo ndi imodzi kumbuyo, ndipo muyeze kutalika kwa khadi kuti ilowa. Magetsi amitundumitundu aja sawonjezera liwiro olo pang'ono, ndipo makesi ambiri agalasi kutsogolo amatsekereza mpweya, mu October kukatentha muja mudzamva mafani akukuwa. Musaiike pansi pa simenti, ikhale pa tebulo kapena kabenchi, pansi ndi pomwe pali fumbi, ndipo nthawi ya chiperoni chinyezi chimayambira pomwepo. Fumbi likasakanikirana ndi chinyezi limamata pa bodi n'kuyambitsa dzimbiri, ndiye miyezi iwiri kapena itatu iliyonse tsegulani mupemerere ndi blower mutagwira mafani kuti asazungulire. Anawo asamadyere pafupi, nyenyeswa zimaitana mphemvu ndi nyerere, ndipo zimenezi zimakonda kukagona mu power supply motentha muja.

Monita ya 1080p ya mainchesi 24 ndi yokwana, koma ngati muli ndi TV ya HDMI yambani ndi imeneyo, pa mpira wa anthu awiri TV ndiye yabwinonso, mungoyatsa Game Mode ngati ilipo kuti batani lisamachedwe. Mukaika khadi, waya wa HDMI ulowe ku khadiyo, kumunsi kuja, osati ku motherboard. Ma pad a Xbox a waya amagwira pa Windows pompopompo, a PS4 amafuna Steam, pulogalamu yogulirapo magemu pa intaneti, kapena kapulogalamu ka DS4Windows. Muikenso ndalama ya intaneti pa bajeti, 100GB pa bandulo ya TNM kapena Airtel si nkhani yaing'ono. Gemu ya pa Steam mutaigula pa akaunti yanu mutha kukopera mafayilo ake kwa mnzanu pa external, Steam imangowaona n'kukoka zotsala zokha. Magemu okuba a pa flash aja nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo kompyuta imene mukusungapo za ndalama si yoyikapo zotere.

Ndikuuzeninso chilungamo china. Ngati cholinga chenicheni ndi choti ana azilipira kusewera mpira basi, PS4 ya sekondi ndi ma pad awiri ikhoza kukutsikirani mtengo kuposa kompyuta, FC 24 ndi FC 25 zonse zinatuluka pa PS4, imadya magetsi ochepa ndipo mwana sangaisokoneze ngati Windows. Kompyuta imapambana ngati mukufunanso kutayipa, kuphunzira, kukonza mavidiyo kapena nyimbo. Ndipo ngati ndalama zili zochepa kwenikweni koma mtima uli pa kompyuta, fufuzani Dell OptiPlex kapena HP ya mu ofesi ya i5 8500 kapena ina ya m'badwo wa 8 kupita m'mwamba, ya kesi yaitali osati yopyapyala ija, muikemo GTX 1650 ya mtundu wosafuna waya wa magetsi, imene imangodya mawati 75 a pa slot. Makina amenewa power supply yake ndi yaing'ono ndipo mapulagi ake ndi akeake, khadi yaikulu sangaikwanitse, koma FC pa ma setting apakati iyenda, ndipo ikuposa ya ku Limbe ija kutali.

Mitengo sindilemba chifukwa imatsatira dola, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mashopu anasintha mitengo sabata yomweyo, ndipo zochokera ku Johannesburg mumawonjezerapo msonkho wa MRA ndi ya wonyamula. Funsani malo atatu kapena anayi pa chipangizo chilichonse musanatulutse ndalama. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kugula kamodzikamodzi mwezi uliwonse poopa kuti ndalama itha mphamvu, koma purosesa, motherboard ndi RAM mugule tsiku limodzi ndipo muziyese pompo pa shopu mpaka BIOS ioneke pa sikirini, chifukwa bodi yogula mu June n'kudzaiyesa mu October ikapezeka yakufa palibe amene adzakumvereni. Zomwe mungatsogoze popanda mantha ndi kesi, power supply yatsopano ndi surge protector. Tsiku lomanga zulani pulagi, gwirani chitsulo cha kesi musanakhudze zipangizo, musaiwale timiyendo ta mkuwa tija tokweza bodi kuti isagunde kesi, ndi waya wa mapini 8 wa purosesa womwe uli pakona pamwamba, ambiri amauiwala. Ikayaka koyamba n'kukhala kanthawi sikirini ili yakuda musathamangire kuzimitsa, ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri ikuwerenga RAM, kenako ikani Windows ndipo madalaivala a khadi mukatenge pa webusayiti ya AMD kapena NVIDIA yeniyeniyo.